Copperband m'thanki ya makorali: musafulumire, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati mungaike copperband butterflyfish m'thanki yanu ya madzi amchere yokhazikika kale. N'zotheka, koma kansombaka n'kosalimba, ndipo kambiri kamafa ndi njala. Musakagule musanakaone kakudya. Kakafika, kasungeni kaye pakokha milungu 4, muzikapatsa mysis (tizilombo tam'madzi tonga shrimp tating'onoting'ono). Kamlomo kake n'kakatali, kamakonda kutolatola m'mipata ya miyala. Ngati muli ndi nsomba ya mtundu wa tang, ikhoza kumakathamangitsa pa chakudya.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha kwathu kuno ku Chigwa cha Shire. Madzi ayenera kukhala pakati pa 24 ndi 27°C, nanga mu Okutobala ku Nsanje magetsi atathima? Ngati mulibe chiller (makina oziziritsa madzi) ndi batire, chonde dikirani mpaka Juni.

Copperband nthawi zambiri kamadya Aiptasia (tizilombo tomamatira pa miyala tovutitsa makorali), koma nthawi zina kamajomphanso makorali.