Mwana wanga akung'amba roketi iliyonse yomwe wajambula, nditani?

Mayi wina wanditumizira imelo. Mnyamata wawo wa zaka 4 nkhani yake tsiku lonse ndi maroketi, koma akajambula amayerekezera ndi chithunzi cha pa foni, kenako n'kung'amba pepala akulira kuti yake ndi yoipa. Akufuna ndiwapatse masitepe omuphunzitsira.

Mayi, masitepewo ndikupatsani, koma mundipirire kaye chifukwa funso lanu landikhudza pamene panapweteka kale.

Ndili wamng'ono, aphunzitsi anatiuza kuti aliyense ajambule chinthu chouluka. Anzanga anajambula mbalame ndi ndege, ine ndinajambula roketi. Moto wake unali waukulu kuposa roketiyo, unadzaza theka la pepala, ndipo krayoni yofiira ndinaikanikiza mpaka inathyoka pakati. Pazenera ndinapanikizapo mitu ya anthu onse a kwathu. Mphuno yake inapindikira kumanzere chifukwa pepala linali litatha. Aphunzitsi aja anaima kumbuyo kwanga, anasolola pensulo m'manja mwanga osanena kanthu, n'kufufuta mphunoyo ndi theka la moto. Anatenga rula, n'kulemba mizere iwiri yowongoka bwino. "Eya, tsopano yakhala roketi." Inakongoladi, anzanga mpaka anaunjikana kudzaiona. Koma sinalinso yanga, ndipo kuyambira pamenepo ndinkangoika pepala lopyapyala pamwamba pa zithunzi za ena n'kumalondola mizere yawo. Ndinayambanso kujambula za m'mutu mwanga nditakula ndithu. Aphunzitsiwo sanali ankhanza, ankaganiza kuti akundithandiza, ndipo n'zimene zimandiwawa kwambiri.

Dzanja la mwana lili ndi nthawi yake. Ana ambiri amatha kutengera chozungulira ali ndi zaka 3, mtanda ali ndi zaka 4, bokosi la makona anayi pakati pa zaka 4 ndi 5, ndipo cha makona atatu chimadza mochedwa, cha m'ma 5 kapena 6. Chimavuta ndi mzere wopendekera: dzanja limafuna kutsika kapena kupita cham'mbali, osati zonse ziwiri nthawi imodzi. Tsono taonani roketi ya pa foni ija. Mphuno ndi makona atatu, zipsepse za m'munsi ndi makona atatu. Mwana wanu akulimbana ndi chinthu chimene zala zake sizinafikepo, pomwe maso ake akuona kale kusiyana kwake. N'chifukwa chake akulira. Rhoda Kellogg, mphunzitsi wa sukulu za mkaka ku San Francisco, anasonkhanitsa zojambula za ana pafupifupi 1 miliyoni zochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo anapeza kuti ana kulikonse amayambira pa mitundu 20 yomweyo ya kukhwatchakhwatcha asanafike pa chithunzi chodziwika. Malinga ndi iye, palibe amene amadumpha.

Ndipo roketi "yolondola" imene akuluakulufe timaiteteza ndi rula ndi ya m'zidole chabe. Roketi ya Saturn V, imene inanyamula chombo cha Apollo 11 chopita kumwezi mu July 1969, inali yotalika mamita 110, ya zigawo zitatu zomwe zinkatayidwa chimodzichimodzi mafuta akatha, ndipo zipsepse zake zinali tating'ono kwambiri poyerekeza ndi thupi lake. Chombo chimene chinatsitsa Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin pamwezi chinalibe n'komwe mphuno yosongoka. Chinali chamabampumabampu, cha miyendo inayi yotang'adza ngati kangaude, chifukwa pamwezi palibe mpweya woti n'kuuboola. Sputnik ya mu 1957, chipangizo choyamba chimene anthu anatumiza kukazungulira dziko, inali mpira wachitsulo wokhala ndi tinyanga tinayi. Yuri Gagarin, munthu woyamba kupita mumlengalenga, nayenso mu 1961 anakwera m'kachipinda kobulungira. Mwana amene wajambula chozungulira n'kuchiika miyendo sanalakwitse kalikonse.

Ndinene mosabisa: mapepala osindikiza oti mwana azingopaka utoto m'kati mwa mizere ya munthu wina, komanso mavidiyo a "jambulani roketi m'masitepe asanu", kwa mwana wosakwana zaka 5 ndimadana nawo. Poyamba ndimati ndinene kuti pang'ono sizipweteka, koma ayi, kwa mwana amene wayamba kale kung'amba mapepala ndi zoipa ndithu. Zimamuphunzitsa kuti yankho lilipo limodzi ndipo lili m'manja mwa wamkulu. Foni ichoke patebulo nthawi yojambula. Labala achokenso.

Tsono mutani?

Yambani ndi baluni. Muipope, muisiye ithawe yokha m'chipinda, mumuuze kuti roketi imayendanso chomwecho: mpweya wotentha umathamangira pansi, iyo n'kukankhidwira m'mwamba. Akamvetsa zimenezi, moto ndi utsi zikhala mtima wa chithunzi chake, ndipo moto ndi kukhwatcha kumene amakudziwa kale.

Mupatseni pepala lalikulu ndi makrayoni onenepa. Inu mukhale pambali ndi pepala lanulanu, mujambule pang'onopang'ono mukuyankhula: mizere iwiri yoimirira, kuitseka pansi, chozungulira pakati cha zenera. Mphuno ikhale yokhota ngati phiri, imeneyo angaithe. Akaumirira yosongoka, ikani madontho atatu pa pepala lanu aone mmene mukuwalumikizira, kapena mudule ya katoni amate ndi guluu. Yanu isakongole mopitirira. Kenako muwerengere limodzi kuchokera pa 10 kutsika mpaka 0, iye akhwatche moto mmene angafunire.

Akati ndi yoipa, musamutsutse kuti ndi yokongola, sakhulupirira. Lozani chimene chilipodi: "Zenera ili walitseka bwinobwino. Muli ndani umu? Akupita kuti?" Akayamba kufotokoza za ulendo, nthawi zambiri amatolanso krayoni kuti awonjezere mwezi. Akang'ambabe, musakalipe, ingomupatsani pepala lina kapena musiye za tsikulo. Ndipo muuze abambo ake, azikulu ake ndi aliyense wa pakhomopo kuti dzanja lawo lisafike pa pepala la mwanayo pokhapokha iye mwini atapempha.