Funsani Amakaniko: injini ya boti ikudya oyilo komanso ikukana kulira

FUNSO

Amakaniko, ine ndine msodzi kuno ku Msaka, ndili ndi boti la matabwa ndi injini ya Yamaha Enduro 15 ija ya two-stroke, ndinagula kwa munthu chaka chatha. Vuto ndi loti oyilo sakuchedwa kutha, utsi ndiye osanena, anzanga amandiseka kuti ndayamba kuwamba usipa ndili pa madzi pomwe, komanso ku pulopela kumadontha zakuda zangati phula. Madzulo tikamanyamuka ndimakoka chingwe mpaka phewa kuwawa osalira, fungo la petulo lokhalokha, ndikamasula pulagi ndimaipeza yonyowa. Oyilo ndimathira botolo la Fanta lodzadza pa chigubu cha malita 5 chifukwa wina anandiuza kuti ukachulutsa injini imakhalitsa, ndipo wa two-stroke akasowa ndimathira wa galimoto. Kodi maring'i a pisitoni atha? Mwera wayandikira ndiye mtima suli m'malo.

Msodzi wa ku Msaka, Mangochi

YANKHO

Achimwene, musathamangire kugula maring'i kaye. Injini ya galimoto ndi imene imadya oyilo maring'i akatha chifukwa oyilo wake amakhala pansi mu sampu, koma yanuyo ilibe sampu, oyilo yense amene imadya ndi amene mwathira inuyo ndi dzanja lanu mu petulo, amadutsa mu kabuleta kukafewetsa mabering'i ndi pisitoni kenako nkupsera limodzi ndi petuloyo. Ndiye ikamamaliza oyilo msanga ndiye kuti wothirayo akuchulutsa basi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mainjini amenewa amafuna 50:1, kutanthauza kuti lita imodzi ya petulo ndi 20 ml ya oyilo, malita 5 ndi 100 ml, malita 20 ndi 400 ml. Botolo la Fanta lagalasi lija ndi 300 ml. Ndiye inu mukuthira katatu kuposa muyezo, botolo limenelo limayenera malita 15! Zakuda zodontha ku pulopela zija ndi oyilo amene walephera kupsa, ekizozi imatulukira kumeneko, ndalama yanu ikungopita m'nyanja momwe mumaponya chilimira. Uja anakuuzaniyo mwina anamva za injini yanyuwani, ija zoona imathiridwa 25:1 pa maola 10 oyamba kuti zitsulo zizolowerane, koma zikatha apo umabwerera pa 50:1. Yang'ananinso pa chivindikiro kapena m'kabuku kake muone zomwe analemba, mutsate zimenezo.

Pezani jekeseni wamkulu uja wa 20 ml opanda singano, kapena botolo loonekera mkati mulijambule mizere ya 100 ml, lizikhala m'boti momwemo ndipo alovi anu onse alidziwe. Yambani mwathira petulo pang'ono, oyilo, khutchumulani bwinobwino, kenako malizitsani petuloyo. Koma chonde musachoke apa nkuyamba kuumira oyilo ayi, wochepa ndi woopsa kuposa wochuluka, pisitoni imagwira mu silinda muli pakati pa nyanja ndipo pamenepo ndiye ndalama zenizeni.

Wa galimotoyo musiyeni. Sanapangidwe kuti azipsa, amasiya mwaye wouma pa pulagi, pamutu pa pisitoni ndi m'timizere ta maring'i mpaka maring'i abwinobwino kumatirira. Gulani wolembedwa TC-W3 pa botolo, ameneyo ndi wa mainjini ozizira ndi madzi ngati yanuyi.

Tsopano zokana kulirazo, iyi ndi nkhani ina ngakhale ziwirizi zimathandizana. Pulagi yonyowa ndi fungo la petulo ndiye kuti injini yakhuta mafuta, amakaniko timati yafulada, petulo wachuluka mpweya wachepa ndiye moto sungagwire. Ambiri amaikhutitsa okha ndi tchoko, kokoka kaja kotseka mpweya kuti petulo achuluke poliza injini, amakoka tchoko nkumangokoka chingwe ka 10, ka 20 ili chikokere. Tchoko ndi ya injini yozizira basi, mukakoka kawiri katatu nkumva yatsokomola ibwezeni msanga. Injini yotentha, mwachitsanzo mwangozimitsa kumene pokoka khoka, siifuna tchoko nkomwe.

Ikafulada chitani izi, bwezani tchoko, chotsani kachingwe kofiira kozimitsira kaja kuti pasakhale spaki, masulani mapulagi onse awiri nkukoka chingwe kangapo kuti petulo atulukire m'mabowomo. Apa ndikupemphani ndithu, fodya, machesi ndi nyali zikhale kutali, nthunzi ya petulo m'boti la matabwa si yoseweretsa, komanso pulagi musaiumitse pa moto ngati momwe ena amachitira pa doko, ipukuteni ndi kansalu kouma iume ndi mphepo. Bwezeretsani mapulagi ndi kachingwe kofiira kaja, giya pa nyutilo, onjezerani moto pang'ono opanda tchoko ndipo kokani. Ikalira isiyeni itulutse utsi wake mpaka iyere.

Ikamafuladabe tsiku ndi tsiku tchoko mukuigwira bwino, pamenepo tiyang'ane kabuleta. Mkati mwake muli kambale ka petulo, fulota yoyandama ndi kanidulo kamene kamatseka petulo kambaleko kakadzadza, ndiye kamchenga kamodzi kokha kakakhala pa nidulopo petulo amangolowa osaleka. Kuyesa kwake nkosavuta, chotsani chivindikiro, finyani kampira ka pa payipi kaja mpaka kalimbe. Kakalimba nkukhala chilimbire zili bwino. Kakamangofewa petulo nkumatuluka kukamwa kwa kabuleta, ndi nidulo kapena fulota. Kakamafewa koma kunja osaona kudontha kulikonse, nthawi zambiri pulagi imodzi nkumanyowa kuposa inzake, kaikirani pampu ya petulo, ili ndi kampira kopyapyala kotchedwa diaphragm kamene kakabooka petulo amalowa mu injini osadutsa mu kabuleta. Ndi kachinthu kotchipa poyerekeza ndi maring'i. Ndipo petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amakoka chinyontho komanso amatopetsa timipira takale, ndiye petulo wogona nthawi yaitali m'chigubu, makamaka wogula m'mbali mwa msewu uja, muzimusefa ndi kansalu koyera musanathire.

China chimene ndimachiona kawirikawiri ku nyanja, boti lili pa mchenga tsiku lonse, thanki ili padzuwa la ku Mangochi, kabowo ka mpweya pa chitsekero nkotseka, payipi ili chilumikizire. Thanki imafufuma nkumakankha petulo yokha kulowa mu kabuleta, pofika madzulo injini yakhuta kale musanaigwire nkomwe. Mukakocheza zulani payipi ku injini ndipo thanki ifundikeni kapena ipite pamthunzi.

Popeza munagula kwa munthu, uzani amakaniko aone ngati thermostat, kachipangizo kothandiza kuti injini izitentha pa muyezo wake, ilimo. Ena amaichotsa poganiza kuti akuthandiza, koma injini yoyenda yozizira simaliza kuwotcha mafuta, ndiye kuphatikiza ndi kuyenda pang'onopang'ono usiku wonse pulagi imada msanga. Pobwerera ku doko muziipatsa moto ndithu kwa mphindi zingapo iwotche mwaye. Pulagi ikhale ya nambala imene analemba, ya NGK yothera ndi -10 ndiye kuti mpata wake ndi 1.0 mm, ndipo ikamapsa bwino imaoneka yofiirira ngati tiyi wamkaka.

Mukachita zonsezi kwa sabata imodzi koma mphamvu kulibebe, ndiye kayezetseni kompuleshoni, kutanthauza mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda, masilinda awiriwo azipereka manambala oyandikana, imodzi ikatsalira kwambiri pamenepo tikambe za maring'i. Koma mwera usanafike ndikufuna m'botimo muzikhala mapulagi awiri anyuwani okulunga mu pulasitiki, sipanala yake, chingwe china chapadera ndi nkhafi, ndipo injini ikavuta kulira pa doko tsiku limenelo musalowe nayo pa madzi. Mudzandilemberenso mundiuze mtundu wa pulagi mukayamba kuyeza oyilo.