Za Node yanu yomwe ikungofa nthawi ya GC

Achimwene, ndawerenga zomwe mwalembazo, kuti pulogalamu yanu ya Node (chida choyendetsera JavaScript pa seva) yomwe imamvetsera ma event kuchokera ku zipangizo imayenda bwinobwino kwa maola angapo kenako imangofa yokha popanda error iliyonse ya JavaScript, ndipo mu backtrace, mndandanda wa ma function omwe ankayenda pomwe inafera, mukuona maina a garbage collector (GC) wa V8, gawo la injini ya JavaScript ya Node lomwe limachotsa mu memory zinthu zomwe sizikugwiranso ntchito. Mwafunsanso ngati muilembenso mu chilankhulo cha Go komanso za seva yoti muisamutsireko. Ziwiri zomalizazo ndizisiya, ine ndiyankha za kufako basi chifukwa ndi zomwe zinandisowetsapo tulo.

Chonde musathamangire malangizo aperekedwa pamwambapa oti mungokweza --max-old-space-size, malire a heap yomwe ndi memory imene V8 amasungamo zinthu za JavaScript, kenako muike pm2 kuti izidzutsa pulogalamu ikafa. Anzathuwo sanakufunseni n'komwe kuti ikumafa motani, chonsecho kufa kulipo kwa mitundu ingapo ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ikangofa lembani echo $? muone nambala yomwe yatuluka nayo. Ikakhala 134 ndipo pamwamba pake pali mawu oti JavaScript heap out of memory, nthawi zambiri ndiye kuti pali zinthu zomwe zikuunjikana osachotsedwa, leak imeneyo. Ikakhala 137 ndiye kuti yaphedwa ndi SIGKILL, nthawi zambiri ndi kernel chifukwa yadutsa malire a memory a container, dmesg ikuuzani. Koma ikakhala 139, yomwe ndi 128 kuphatikiza 11, ndiye segfault, kutanthauza kuti pulogalamu yakhudza memory yomwe siloledwa kukhudza, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozera ine ndikukaikira imeneyi. Segfault siithetsedwa ndi kuwonjezera memory. Mukakweza heap mwangopangitsa kuti GC wamkulu azibwera patalipatali, ndiye pulogalamu izifa kamodzikamodzi mmalo mofa pafupipafupi, inu n'kumaganiza kuti zatheka pomwe mwangoibisa nthendayo n'kuipanga yovuta kuipeza. Komanso try ndi catch kapena process.on('uncaughtException') sizigwira segfault, musataye nazo nthawi.

Mfundo yanga yaikulu ndi iyi, GC si amene akulakwitsa. JavaScript yokhayokha siyenera kukupatsani segfault, ndiye mukaiona yambani mwafufuza pomwe code yanu ikukhudzana ndi C kapena C++, kaya ndi native addon, gawo lolembedwa mu C kapena C++ lomwe Node imalowetsa, kaya ndi ffi, njira yoitanira laibulale ya C kuchokera mu JavaScript. Dzina la GC limaoneka mu backtrace pa zifukwa ziwiri. Mwina wachotsa chinthu chomwe mbali ya C inali ikuchifunabe chifukwa palibe anamuuza kuti chikugwirabe ntchito, kapena winawake anawononga memory kalekale ndipo GC, poti ndi amene amayendera heap yonse chinthu ndi chinthu, ndiye woyamba kupondapo. Zili ngati wosesa pabwalo, ndi iye amapeza mbale yosweka koma sikuti waiswa ndi iyeyo. N'chifukwa chake kuwerenga mizere ya Scavenger kapena MarkCompactCollector mu backtrace sikukuthandizani kwenikweni, cholakwikacho chinachitika kumbuyo, mwina masekondi mwina maola apitawo.

Ine zinandigwera pa service ina yomwe ndinaipeza italembedwa kale, inkalumikizana ndi laibulale ya C ya kampani ina yopanga zipangizo kudzera mu ffi. Mu function yoyambitsa zinthu munali mzere wopanga callback, n'kuipereka ku C kuti chipangizo chikatumiza uthenga izitiitana, basi function n'kutha. Variable yomwe inasunga callback ija inali ya mkati mwa function momwemo, ndiye itangotha, kwa V8 callback ija inali zinyalala, palibe aliyense mu JavaScript akuiloza. Koma mbali ya C inali itasunga pointer yake ndipo V8 sadziwa chilichonse za ma pointer omwe ali mmanja mwa C. Pa laputopu zonse zinkayenda mwaufulu chifukwa pa tesiti simupanga zinthu zambiri, GC sankafika n'komwe, ndipo ngakhale akafika malo a memory omwe munali callback ija ankakhalabe osalembedwapo china ndiye callback yakufa ija inkaitanidwabe n'kuyankha ngati ili moyo. Pa seva, ma event akachuluka, malo aja ankapatsidwa chinthu china, chipangizo n'kutumiza uthenga, C n'kudumphira pa adiresi yomwe tsopano muli zina, pulogalamu thii. Chowawa kwambiri chinali choti inkafa nthawi yomwe anthu akuigwiritsa ntchito kwambiri, ndiye aliyense ankaloza seva kuti ndi yofooka, mpaka inasamutsidwira ku makina akuluakulu ndipo kumeneko inkafabe. Mankhwala ake anali mzere umodzi, kusunga callback ija pamalo omwe akhalepo mpaka titaiuza laibulale ija kuti ileke kuitana.

Mapulogalamu oyendera ma event ndi omwe amagwa mmbuna imeneyi kwambiri chifukwa cha mmene amapangidwira. Mumalembetsa chinthu pano, chimadzaitanidwa nthawi ina yosadziwika, ndipo pofika nthawiyo function yomwe inachilembetsa inatha kalekale. Ndiye pa chilichonse chomwe mwapereka ku mbali ya native mudzifunse kuti pakati pa lero ndi nthawi yomwe chidzaitanidwe, akuchigwira ndi ndani.

Tsopano chochita. Musadikire maola kuti ife, ikakamizeni ife msanga. Iyendetseni ndi node --expose-gc kenako muike setInterval yoitana global.gc() pafupipafupi, mwina pa ma millisecond 100 aliwonse, komanso muitane gc pompopompo mukangomaliza kulembetsa callback iliyonse. Ngati vuto lili la mtundu ndikunenawu, crash yomwe inkatenga tsiku ibwera mu mphindi zochepa. Onjezeraninso --trace-gc kuti muziona mzere uliwonse wa Scavenge ndi Mark-Compact, mukaona kuti nthawi zonse ikufa patangodutsa umodzi mwa mizere imeneyo ndiye kuti mwayandikira. Kenako chitani zotembenuza, pangani Set imodzi pamwamba pa fayilo n'kuponyamo callback iliyonse, Buffer iliyonse ndi object iliyonse yomwe mukupereka ku addon. Ikasiya kufa ndiye kuti wolakwa ali mu Set momwemo, yambani kuchotsa chimodzichimodzi mpaka ifenso. Njira imeneyi ndi yachikale koma ine ndimaikhulupirira kuposa chida china chilichonse. Mukamaliza muchotse global.gc ija, musapite nayo ku production chifukwa imaimitsa event loop nthawi iliyonse ikaitanidwa.

Ngati addon ndi yanu yolemba nokha, pali malo omwe ndimayamba kuyang'ana ndisanatsegule n'komwe debugger. Kodi pali napi_value yomwe mwaisunga mu struct kapena mu global kuti mudzaigwiritse ntchito pa event yotsatira? Imeneyo imakhala ya moyo mkati mwa handle scope yake yokha, mukafuna ikhalitse mupange napi_create_reference ndipo mudzaichotse mukathana nayo. Kodi mwatenga pointer ya data ya Buffer n'kuipereka ku thread ina pomwe Buffer yeniyeniyo palibe akuigwira? Chimodzimodzi. Kodi laibulale ya C ikuitana callback yanu kuchokera ku thread yake? Kukhudza V8 kuchokera ku thread yomwe si ya JavaScript kumawononga heap mwakachetechete, njira yake ndi napi_threadsafe_function. Ndiye pali ina yomwe imapweteka anthu ambiri mu libuv, laibulale yomwe imayendetsa event loop ya Node, uv_close simaliza ntchito pomwe mwaiitanapo, handle imakhalabe mmanja mwa loop mpaka close callback itaitanidwa, ndiye mukalemba uv_close kenako free pa mzere wotsatira mwadzitchera msampha nokha. Free imayenera kukhala mkati mwa close callback.

Chida chomwe ndingakulimbikitseni ndi AddressSanitizer (ASan), chomwe chimagwira zolakwika za memory mu code ya C ndi C++. Kompailani addon ndi -fsanitize=address ndi -g, ndipo poti node yomwe muli nayo sinamangidwe nayo muyenera kulowetsa libasan ndi LD_PRELOAD, muikenso ASAN_OPTIONS=detect_leaks=0 apo ayi idzakudzazirani screen ndi za ma leak zomwe simukuzifuna pano. Ubwino wake ndi woti siidikira kuti pulogalamu idzafe mtsogolo, imaima pomwe pachitikira cholakwa n'kulemba heap-use-after-free, pansi pake n'kukupatsani malo atatu, pomwe memory yakhudzidwa, pomwe inamasulidwa ndi pomwe inapangidwa. Malo achiwiriwo ndi omwe mukuwafuna. Mtengo wake ndi woti pulogalamu imachedwa mwina kawiri ndipo imadya memory yochulukirapo, zomwe n'zopiririka. Valgrind nayo imagwira zomwezi osafuna kukompailanso koma imachedwetsa kakhumi kapena kuposa, ndipo pa pulogalamu ya ma event kuchedwa kotero kumasintha ndondomeko ya zinthu mpaka crash imene mukuisaka imatha kusaonekanso. Dziwaninso kuti zida zimenezi zimaona bwino memory ya malloc, za mkati mwa heap ya V8 amaziyendetsa yekha V8, ndiye ASan ikakhala chete sizikutanthauza kuti addon ilibe mlandu, tesiti ya Set ija ichitenibe.

Pa seva pomwe ikufera, yatsani core dump, fayilo yosunga zomwe zinali mu memory pomwe pulogalamu inafera, lero lomwe ndi ulimit -c unlimited, kapena muipeze ndi coredumpctl ngati ndi makina a systemd, ndipo mukaitsegula mu debugger ya gdb musangolemba bt, lembani thread apply all bt kuti muone ma thread onse, nthawi zina wolakwa amakhala pa thread ina osati yomwe yagwayo. Samalani nayo fayilo ya core, muli chilichonse chomwe chinali mu memory kuphatikizapo ma password ndi ma token, musaiponye pagulu pano. Pali chida china cha rr chomwe chinachokera ku Mozilla, chimajambula kuyenda konse kwa pulogalamu n'kukulolani kubwerera mmbuyo mpaka pomwe adiresi ija inalembedwa, n'chabwino zedi koma chimafuna ma performance counter a CPU omwe ma VM ambiri sapereka, ndiye chiyeseni pa makina enieni.

Zikapezeka kuti nambala ija ndi 134 osati 139, nkhani yasintha, fufuzani ma listener. Node imachenjeza ndi MaxListenersExceededWarning mukadutsa 10 pa event imodzi, ndipo ndaona anthu akungoika setMaxListeners(0) kuti chenjezolo lisiye kuwasokosa, uko n'kutseka pakamwa chinthu chomwe chikukuuzani zoona. Nthawi zambiri vuto limakhala loti munalembetsa ndi bind kapena arrow function, kenako pochotsa mwapereka ina yatsopano yongofanana nayo, removeListener siipeza ndipo yakale ija imatsala itagwira zonse zomwe closure yake ikuloza. Tengani ma heap snapshot awiri mu Chrome DevTools muwafanizire, koma osati pa seva yomwe ili kale pafupi kudzaza, chifukwa kutenga snapshot kumaimitsa thread ndipo kumatha kufuna memory pafupifupi kawiri kukula kwa heap, mukhoza kuipha nokha.

Kwa a Python omwe akuwerenga nawo, musaganize kuti inu zakuphonyani. Mu asyncio, event loop imasunga ma task ndi weak reference chabe, mukaitana create_task osasunga chomwe yabweza, task imatha kuzimiririka ili pakati pa ntchito n'kukusiyirani mawu oti Task was destroyed but it is pending. Ma callback a ctypes nawo amafuna kusungidwa nthawi yonse yomwe C ikuwagwiritsa ntchito, ndipo ku .NET ma delegate operekedwa ku code ya native ndi System.Threading.Timer zimachitanso zomwezi. Ndiye kusintha chilankhulo kokha pomwe laibulale ya C ili yomweyo sikukuchotserani funso loti akugwira chinthucho ndi ndani.

Mukapeza mpata tumizani nambala ya echo $? ija, version ya Node, mizere yoyambirira ya thread iliyonse mu gdb, ndi zomwe zituluke mukalemba find node_modules -name "*.node", chifukwa nthawi zina addon imalowa kudzera mu package ina inu osadziwa n'komwe kuti muli nayo. Ndi zimenezo tikhoza kuloza pomwe muyambire.