Funsani Dokotala: Mwendo Anaudula Koma Phazi Likundiwotchabe

A dokotala, ndine bambo wa ku Chinamwali. Ndinkacheka matabwa kuphiri mpaka chaka chatha pomwe chipika chinandigwera, ndipo mwendo wakumanzere anaudula m'munsi mwa bondo. A kumpingo anandigulira njinga ya olumala, akutinso andipatsa mpamba wa geni. Koma usiku phazi lomwe kulibelo limawotcha. Abale akuti mwendowo sunakwiriridwe bwino, ena akuti pali munthu wandichita chipongwe. Ananditemera mphini, ndipo ndimamwa Indocid wogula kumsika. Ndikuona ngati mayi a kunyumba atopa nane. Nditani?

Pepani bambo. Ndikuona kuti chikukusowetsani tulo kwambiri ndi mantha oti mudzakhala wonyamulidwa moyo wanu wonse. Musaope. Munthu wodulidwa m'munsi mwa bondo ali ndi mwayi waukulu woyendanso ndi mwendo wopanga, chifukwa bondo lake lilipo.

Za mwendo wokwiriridwawo, musavutitse abale kukafukula kalikonse. Ululu uwu amaumva anthu ambiri odulidwa chiwalo, ngakhale m'mayiko momwe ziwalo zodulidwa amaziwotcha kuchipatala komweko. Nanga amenewo mwendo wawo anaukwirira molakwika ndani? Chimene chimachitika n'chakuti minyewa yomwe inkapita kuphazi inadulidwa koma sinafe. Imatumizabe uthenga, ndipo ubongo, womwe unazolowera phazilo chibadwire, umati ululu ukuchokera komweko. Palibe mfiti apa. Mphini zija ndiye zandidetsa nkhawa: chilonda pamalo odulidwawo chikalowa tizilombo, madokotala angakakamizike kudulanso pamwamba, bondo n'kupita nalo.

Indocid musiyeni. Sagwira bwino ululu wa minyewa, koma mukamamumwa tsiku ndi tsiku amabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Alipo mankhwala oyenera, monga amitriptyline, koma akulembereni ndi dokotala atakupimani. Miyezi yonseyi mumadikira chiyani, chipatala chachikulu cha Zomba chili pafupi nanu chonchi?

Mphatso ya a kumpingoyo ndi yabwino, koma isakhale pogona panu. Mukamakhala panjingapo tsiku lonse bondo lili chopinda, kapena kuika pilo kunsi kwa bondo pogona, minofu imafupika, bondo n'kukana kuwongoka. Zikatero, mwendo wopanga umavuta kuvala. Muzigona chafufumimba kangapo pa tsiku, ndipo mukakhala pansi mwendowo ukhale chowongoka.

Sabata ino pitani ku Zomba Central Hospital ndi buku lanu la kuchipatala, mukapemphe kuonana ndi a fizo, akatswiri othandiza ziwalo za thupi kuti zizigwiranso ntchito. Akaona ngati chilonda chinapoleratu, akuphunzitsani kumanga bandeji kuti podulidwapo paphwe n'kukhala pokwanira mwendo wopanga, ndi kuyenda ndi ndodo. Afunseninso za njira ya galasi: mumaika galasi pakati pa miyendo, n'kumayendetsa phazi labwinolo mukuliyang'ana m'galasimo ngati ndi linalo. Ena imawachepetsera ululu. Kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe amapanga miyendo, muitenge kwa iwo omwewo. Ku Blantyre komweko kulinso Kachere Rehabilitation Centre, ya bungwe lothandiza olumala la MAP, yomwe imaphunzitsa anthu ovulala kudzichitira okha zinthu. A kumpingo muwauze kuti thandizo lofunika panopa ndi ndalama ya minibasi ya maulendo amenewa, geni idzabwera mutaimirira.

Simunatchule za chipukuta misozi. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati wovulala pa ntchito alipidwe. Ngati munali wolembedwa ntchito, kafotokozeni ku ofesi ya Labour msanga, muli ndi lipoti la dokotala.

Mayi a kunyumba mupite nawo kwa a fizo. Akamve okha ntchito zomwe ayenera kusiya kukuchitirani, kuyambira kukusambitsani. Podulidwapo pakatupa, kufiira, kutuluka mafinya, kapena mukatentha thupi, musadikire tsiku lomwe anakupatsani, pitani tsiku lomwelo.