Kodi apulezidenti akatchula dzina ndiye basi zatha?

Funso: Akonzi, ine ndili ku Chibavi kuno ku Mzuzu, takhala tikukangana ndi anzanga pa depoti, ena akuti apulezidenti akangosankha jaji kapena kazembe ndiye kuti wayamba kale ntchito, Palamenti ilibe chonena. Ndi zoona zimenezi?
Wowerenga, Chibavi

Yankho: Ayi achimwene, zimatengera udindo wake. Mkulu wa majaji, Chief Justice uja, amasankhidwa ndi apulezidenti koma gawo 111 la malamulo oyendetsera dziko limati aphungu awiri mwa atatu aliwonse omwe alipo ndipo akuvota amuvomereze kaye. Majaji enawo, ngakhale a ku High Court konkuno ku Mzuzu, sadutsa ku Palamenti, apulezidenti amawasankha potengera mayina ochokera ku bungwe loona za ntchito ya majaji la Judicial Service Commission.

Akazembe ndi mkulu wa bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB ndiye amakaonekera ku komiti ya aphungu yovomereza anthu osankhidwa m'maudindo ya Public Appointments Committee (PAC), ndipo musaganize kuti ndi mwambo chabe ayi, mu 2021 komitiyi inawakana kaye mayi Martha Chizuma pa udindo wa mkulu wa ACB, anthu anadandaula kwambiri dziko lonse mpaka komiti inakumananso nkuwavomereza. Ine ndimaona kuti aphungu akamakana munthu azitiuza zifukwa poyera, maudindowa ndi athu tonse.