Funsani Dokotala: Chotupa cha mu msana anachichotsa, nanga ululuwu ukuchokera kuti?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 47 wa ku Ntcheu. Chaka chatha miyendo yanga inayamba kulemera mpaka ndinkagwa m'njira pochokera kuchigayo. Atandijambula pa MRI anapeza chotupa chimene chinkapanikiza mtsempha wa msana, cham'munsi pang'ono mwa mapewa. Anandichita opaleshoni miyezi 8 yapitayo ndipo pano ndikuyenda, ngakhale kuti ndi ndodo. Koma ululu umene ndili nawo tsopano ukuposa wakale. M'nthitimu mumakhala ngati wina wandimanga chitenje mothinitsa, ndipo mwendo wamanzere umawotcha ngati aupaka tsabola wa kambuzi. Usiku bulangete likangondikhudza ndimalira. Panado ndi Brufen ndimamwa tsiku ndi tsiku koma ayi ndithu. Apongozi anga akuti madokotala anasiyamo kanthu, ena akuti pali dzanja la munthu. Kodi chotupacho chameranso?

Yankho: Pepani amayi, mwazunzika. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Ululu wa mtundu umenewu paokha sutanthauza kuti chotupa chameranso. M'kalata yanu yonse, mawu amene ndawagwiritsitsa ndi akuti "pano ndikuyenda". Chotupa chikamabwerera nthawi zambiri chimabwera ndi katundu wake wakale: mwendo umene unapeza mphamvu umayambanso kukhwekhwereza, dzanzi limakwera, mkodzo umayamba kuvuta. Inu simunatchule zimenezo. Komabe m'kati mwa msana sindingaonemo kudzera pa kalata. Chotsimikizira ndi MRI ina, ndipo ngati chichitireni opaleshoni sanakujambuleninso, miyezi 8 yakwana kuti mukafunse zimenezi kwa dokotala amene anakuchitani opaleshoniyo.

Nanga ululuwo ukuchokera kuti? Mukumbukire mmene zimakhalira mukakhalitsa pamphasa pamaliro, mwendo utapindidwa. Nthawi yonse imene mwaukhalira mwendowo umangokhala zii. Mukaimirira m'pamene umayamba kubaya ngati mwaponda linthumbu. Mtsempha wanu wa msana unakhaliridwa ndi chotupa kwa miyezi, mwinanso zaka, chifukwa zotupa zambiri za pamenepa zimakula mwakachetechete. Kusiyana kwake n'kwakuti mwendo wa pamaliro umatsitsimuka pa mphindi ziwiri, pamene mtsempha wa msana, umene kunenepa kwake n'kofanana ndi chala chanu chaching'ono, umatsala ndi chipsera. Timitsempha tovulalato timatumiza ku ubongo uthenga wabodza. Khungu la mwendo wanu lilibe bala, koma ubongo ukuuzidwa kuti pali moto, ndipo moto umenewo mukuumvadi. Asakunamizeni wina kuti ndi maganizo chabe.

Chitenje chothina cha m'nthiticho chili ndi chifukwa chakenso. Pa fupa lililonse la msana pamatuluka mitsempha iwiri, wina kumanja wina kumanzere, ndipo ya pachifuwa imayenda motsatira nthiti mpaka kutsogolo. Umene unali pafupi ndi chotupa ukasupuka, kapena ukadulidwa kuti chotupacho chituluke, ululu umazungulira thupi ngati lamba. Ndinaonapo bambo wina amene ankabwera kudzaonana nane malaya atawamasula mabatani onse m'mwezi wa Juni, kukuzizira koopsa, chifukwa nsalu ikangokhudza pansi pa bere lake lamanja ankachita kudumpha ngati wagwidwa ndi shoko ya magetsi. Chithunzi chake cha MRI chinali choyera.

Zoti "anasiyamo kanthu" ndisazikane zonse, chifukwa mwina mwake muli choona, koma osati chimene apongozi akuganiza. Nthawi zina dokotala amasiya dala kachidutswa ka chotupa kamene kamatirira kwambiri ku mtsempha, podziwa kuti kukakamiza kukachotsa kungapuwalitse munthu mpaka kalekale. Mukafunse ngati zinatero kwa inu. Mukafunsenso dzina la chotupacho, chifukwa chimene anachotsacho chimapita kukapimidwa, ndipo muuze dokotalayo alilembe m'buku lanu la kuchipatala. Kwa amayi a msinkhu wanu, pa malo amene mwatchulawo, chofala ndi chotchedwa meningioma, chimene chimamera pa kachikopa kokuta mtsempha. Nthawi zambiri si khansa, ndipo chikachotsedwa chonse sichibwerabwera. China ndi schwannoma, chomera pa muzu wa mtsempha. Ependymoma imamera m'kati mwenimweni mwa mtsempha wa msana, ndipo kuti aifikire amayenera kung'amba mtsemphawo kumbuyo, n'chifukwa chake eni ake amatsala akuyenda ngati akuponda pa thonje, patapata n'kuvuka osadziwa. Pali zinanso zochokera ku khansa ya m'mawere kapena ya prostate, ndipo izo nkhani yake ndi ina. Odwala ambiri amene ndimawafunsa dzina la chotupa chawo amangoti "anati n'chotupa basi". Musakhutire ndi yankho limenelo.

Tsopano mankhwala. Panado ndi Brufen amathandiza ululu wa bala, wa mafupa ndi wa kutupa. Moto wa mitsempha sauzimitsa. Ndipo Brufen wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 8 akundidetsa nkhawa kuposa ululu wanuwo, chifukwa amaboola zilonda m'mimba ndi kuwononga impso. Musiyeni, ndipo mukauze dokotala kuti mwamumwa nthawi yaitali chotere.

Amene amagwira pa ululu wa mitsempha ndi monga amitriptyline, amene ndi wotsika mtengo ndiponso wodziwika m'zipatala zathu. Timayamba ndi 10 mg kapena 25 mg usiku wokha, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Amaumitsa kukamwa, amagonetsa, amadzimbitsa, ndipo kwa ena amachedwetsa mkodzo, kotero amene ali ndi vuto la mtima kapena la chikhodzodzo azinena asanalembedwe. Anamwino akakuuzani kuti ndi mankhwala a matenda a nkhawa musakwiye. N'zoona anayambira kumeneko, koma pa mlingo wochepawu ntchito yake ndi kukhazika pansi mitsempha yolongololayo. Apa m'pamene ambiri amagwera: amamwa masiku anayi, saona kusintha, n'kuwataya. Mankhwalawa amafuna milungu iwiri mpaka 6. Akakanika pali gabapentin ndi pregabalin, amene nthawi zambiri munthu amachita kugula ku famase, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Tramadol wogula mwamseri mumupewe. Amazoloweretsa, komanso kumuphatikiza ndi amitriptyline popanda dokotala kungakugwetseni khunyu.

Ndinene chilungamo: mankhwalawa sathetseratu ululu mwa anthu onse. Ukatsika ndi theka, n'kumagona usiku wonse, ife timati agwira ntchito. Kwa ena motowo umazirala pang'onopang'ono pakapita nthawi. Kwa ena kamoto kamatsalako zaka zambiri, kamene kamayaka kukazizira, akatopa kapena akakhala ndi nkhawa. Ngati kwanuko zikukanika, pemphani kalata yokaonana ndi a chisamaliro cha ululu, monga a ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena a Ndi Moyo ku Salima. Ena amaopa malo amenewa poyesa kuti ndi a anthu oyembekezera imfa okha, chonsecho akatswiri a ululu ali kumeneko.

Za bulangete, dulani katoni mbali imodzi muiike kumiyendo kuti chofundacho chizikhala pamwamba pa katoniyo. Za dzanja la munthu sinditsutsana ndi apongozi anu pano. Ndingopempha chimodzi, kuti pa khungu la dzanzilo pasatemedwe mphini. Bala la pamalo osamva limaola mwini wake asanadziwe.

Funso: Amuna anga anachitidwa opaleshoni yomweyi milungu itatu yapitayo. Sakuyenda, ndipo ali ndi kachubu ka mkodzo. Usiku miyendo yawo imadumpha yokha mpaka kukankha chofunda. Kodi ndiye kuti mphamvu zikubwerera? Ndimawathowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo. Ndine gadiyani wawo, ndikulemba kuchokera ku Mulanje.

Yankho: Mayi, ntchito imene mwasenza ndi yaikulu, ndipo sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza. Kudumpha kumeneko si mphamvu zobwerera. Ndi mtsempha wa m'munsi mwa pamene panali chotupa ukudzichitira zinthu wokha, popeza mawu a ubongo sakufikako bwino. Chizindikiro chenicheni n'chakuti muwauze kuti "gwedezani chala chachikulu", iwo n'kuchigwedeza, ngakhale pang'ono ngati mpweya. Muziyesa kamodzi pa mlungu n'kulemba. Milungu itatu n'kumayambiriro kwenikweni. Kuchira kochuluka kumachitika m'miyezi 6 yoyamba, n'kumapitirira pang'onopang'ono mpaka chaka kapena ziwiri, ndipo kumadalira kwambiri mmene analili pamene ankalowa ku opaleshoni. Amene anafika miyendo itafa kwa miyezi yambiri ulendo wawo umatalika, ndipo ena amathera pa wilutcheya. Kudumphako kukamawasowetsa tulo pali mankhwala otchedwa baclofen. Kukawonjezeka mwadzidzidzi, funafunani chimene chikuwasautsa: kachubu kopindika, mkodzo wakuda ndi wonunkha, kudzimbidwa, kapena chilonda.

Madzi otenthawo lekani lero lomwe. Munthu wa dzanzi amapsa osamva, ndipo ndaonapo mapazi opsa ndi mbaula mwini wake akucheza n'kumaseka. Madzi muziyamba mwawayesa ndi chigongono chanu.

Mdani wamkulu wa amuna anu pakali pano ndi zilonda za pogona. Muziwatembenuza maola awiri alionse, usiku womwe, ndipo pemphani abale mugawane maulonda chifukwa nokha mudzagwa. Tsiku lililonse yang'anani m'matako, m'chiuno ndi ku zidendene. Pa khungu lakuda ngati lathu kufiira sikuoneka msanga, kotero muzisanthula ndi dzanja malo amene ada kuposa pena, olimba kapena otentha. Pakapezeka potere asagonerepo mpaka patabwerera mwakale. Pindani ndi kuwongola mfundo iliyonse ya miyendo kawiri pa tsiku kuti isaume. Mafizo si zoonjezera chabe, ndiwo theka lina la opaleshoni. Poti muli kummwera, funsani za Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. A m'chigawo chapakati ali ndi chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION, chimene chinatsegulidwa mu 2023 pa Kamuzu Central ku Lilongwe.

Koma izi musadikire nazo tsiku la sikelo kapena lobwereza: madzi oyera ngati a pampopi akutuluka pa bala, makamaka ngati mutu ukuwawa akadzuka n'kuleka akagona; mafinya, kutentha thupi kapena kuuma khosi; mwendo umodzi kutupa, kapena kubanika mwadzidzidzi; mkodzo kusiya kutsika m'thumba; kufooka kwatsopano, ngakhale m'manja. Ndipo ngati chotupacho chinali cham'mwamba mwa msana, mutu ukayamba kugunda koopsa ndi thukuta kumaso, akhazikeni tsonga, onani ngati kachubu sikanatsekeke, n'kuthamangira kuchipatala, chifukwa BP imakhala yakwera.

Funso: Ndili ku Johannesburg, ndimagwira ntchito ya zomangamanga. Papita miyezi iwiri chichotsereni chotupa cha mu msana, cham'chiuno. Ndikuyenda bwinobwino koma abwana akuti ndikapanda kubwerera alemba wina. Komanso, pepani, m'nyumba sizikuyenda ngati kale.

Yankho: Achimwene, thumba la simenti ndi makilogalamu 50. Kuti afike pa chotupa, madokotala amachotsa mbali ya fupa la kumbuyo kwa msana n'kupatula minofu, ndipo zimenezi zimafuna milungu 6 mpaka miyezi itatu musanayambe kunyamula zolemera, mwinanso kuposerapo ngati anaikamo zitsulo. Pemphani dokotala wanu akulembereni kalata ya ntchito zopepuka. Pa sikafodi musakwere ngati mapazi anu sakumva bwino pamene aponda. Dziyeseni motere: imani pafupi ndi khoma, mapazi pamodzi, n'kutsinzina. Mukayamba kupepesuka, nthawi yokwera sinakwane.

Za m'nyumbazo musapepese. Mitsempha yoyendetsa zimenezo imatulukira kumunsi kwa msana pamodzi ndi ya chikhodzodzo ndi ya chimbudzi, ndipo imachedwa kudzuka. Mankhwala a ululu amene mukumwa angakhalenso akuthandizira kufooketsako. Mufotokozereni mkazi wanu zimenezi asanayambe kuganiza kuti maso anu ali kwina, ndipo mukatchule kwa dokotala, chifukwa mapiritsi othandiza alipo ndipo amagwira mwa ambiri ovulala msana. Zogula pamsewu ndi gondolosi zisiyeni kaye. Koma pakati pa ntchafu pakayamba dzanzi latsopano, kapena mkodzo ukayamba kukana kapena kutuluka osaumva, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, abwana adikire.