Yankho kwa amalume pa nkhani yopumitsa nambala ya jezi

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Katete pamodzi ndi onse pakhomo? Kuno ku Lusaka tili bwino. Funso lanu ndaliona m'mawa pagulu lathu la banja, ndipo ndaona kuti ndiyankhe ndi mawu popeza nkhaniyi ndi yotalikirapo. Mwanena kuti munaona pa TV masewero a ku America osewera onse atavala nambala 42, ndipo mutamva kuti nambalayo inapumitsidwa m'ligi yonse polemekeza munthu mmodzi, mwafunsa ngati FAZ, bungwe loyendetsa mpira kuno ku Zambia, siyenera kuchita chimodzimodzi, kulamula matimu onse a mu Super League, ligi yathu yaikulu, kuti asiye kupereka nambala 11 chifukwa cha katswiri wathu wakale wa mpira Kalusha Bwalya. Ine maganizo anga ndi akuti ayi, ngakhale kuti ulemu umene ndimapereka kwa Kalusha ndi wofanana ndi umene inu mumapereka.

Masewero munaonawo ndi baseball, ndipo mwini nambalayo ndi Jackie Robinson. Pa 15 Epulo 1947 iye analowa m'bwalo atavala jezi ya Brooklyn Dodgers, pa nthawi imene ligi yaikulu ya masewerowa inali itatha zaka makumi angapo ikutsekera anthu akuda kunja, moti iwo anali ndi maligi awoawo. Robinson analandira makalata omuopseza kuti aphedwa, mahotela ena ankakana kumugoneka pamodzi ndi anzake a m'timu, ndipo ankatukwanidwa ndi oonerera ngakhalenso osewera a matimu ena. Mkulu wa timuyo, Branch Rickey, anali atamupempha kuti asabwezere, chifukwa akanangopsa mtima kamodzi adani ake akanapeza chifukwa chotsekeranso khomo. Iye anapirira, nasewera bwino kwambiri moti mu 1949 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana m'ligi yake. Anamwalira mu 1972, ndipo pa 15 Epulo 1997, patatha zaka 50 chilowereni m'bwalo muja, ligi inalengeza kuti palibe timu imene idzaperekenso nambala 42. Amene ankaivala kale analoledwa kupitiriza mpaka atasiya kusewera, ndipo womaliza anali Mariano Rivera wa New York Yankees mu 2013. Kuyambira mu 2009, pa tsiku limenelo lokha osewera onse amavala 42, ndipo n'zimene munaona zija.

Chimene ndikufuna muone apa, amalume, n'chakuti matimu onse a m'ligi imeneyo anali ndi mlandu umodzi. Onse anagwirizana kutseka khomo, ndipo onse anapindula litatseguka, chifukwa lero palibe timu imene ilibe wosewera amene akanakanidwa m'masiku amenewo. Ngongole ikakhala ya mudzi wonse, n'koyenera kuti khomo lililonse lisonkhe. Kwa ine muyeso ndi umenewu: ligi yonse ipumitse nambala pokhapokha ngati munthuyo anasintha funso lakuti ndani amaloledwa kusewera. Bill Russell wa basketball amayandikira muyeso umenewu. Anapambana ligi ya NBA maulendo 11 ali ndi Boston Celtics, mu 1966 anakhala munthu wakuda woyamba kuphunzitsa timu m'ligi imeneyo, ndipo ankalankhula poyera motsutsa tsankho pa nthawi imene kutero kunali koopsa. Atamwalira pa 31 Julayi 2022, NBA inapumitsa nambala yake 6 m'matimu onse, ndipo ine sindiona cholakwika pamenepo.

Nkhani ya Wayne Gretzky wa ku Canada, amene nambala yake 99 inapumitsidwa m'ligi yonse ya hockey mu 2000, ndi yosiyana, chifukwa iye analemekezedwa pa luso lokha. Luso likakhala muyeso, mkangano sutha. Anthu a basketball amafunsa chifukwa chimene 23 ya Michael Jordan sinapumitsidwe paliponse, ndipo timu ya Miami Heat inachita kuipumitsa yokha mu 2003 ngakhale kuti Jordan sanasewerepo m'timuyo. Anthu a ku Puerto Rico akhala akupempha kwa zaka zambiri kuti 21 ya Roberto Clemente, wosewera baseball wa kwawo amene anafa pangozi ya ndege pa 31 Disembala 1972 akupititsa thandizo kwa anthu ovutika ndi chivomezi ku Nicaragua, ipatsidwe ulemu wofanana ndi wa 42. Mbadwo uliwonse uli ndi katswiri wake, ndipo manambala ndi owerengeka. New York Yankees yokha inapumitsa manambala onse kuyambira 1 mpaka 9, moti mnyamata wolowa m'timuyo lero sangavale iliyonse mwa iwo. Taganizani zikanakhala kuti ligi yonse ikutero.

Palinso nkhani ya ochemerera. Inu mukudziwa mmene zimakhalira ku Kitwe Nkana ikakumana ndi Power Dynamos. Munthu amene kwa ochemerera timu imodzi ndi ngwazi, kwa enawo ndi amene ankawagonetsa ndi chisoni Loweruka madzulo. Kalusha anachokera ku Mufulira Wanderers asanapite ku Belgium, ndipo ngati Wanderers itafuna kusunga nambala yake, ine ndingaombe m'manja, chifukwa umenewo ndi ulemu wa pakhomo pake. Koma kulamula Zanaco, Green Buffaloes kapena Kabwe Warriors yanu ija kuti ichotse 11 m'thumba la majezi n'kuuza banja lina kuti lisunge mpando wa munthu amene sanadyepo nsima m'nyumba mwawo. Musaiwalenso kuti m'masiku amene inu munkapita kukaonera mpira, nambala inkatsata malo a wosewera m'bwalo: 1 inali ya goloboyi, 9 ya womwetsa zigoli wa pakati, 11 ya wothamanga kumbali ya kumanzere. Choncho timu iliyonse ili ndi mbiri yakeyake ya anthu amene anavala 11.

N'chifukwa chake mu mpira wa miyendo mwambo umenewu umathera pa timu. Napoli inasunga 10 ya Diego Maradona, Ajax inasunga 14 ya Johan Cruyff, West Ham inasunga 6 ya Bobby Moore. Manchester City inasunga 23 ya Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon, amene anagwa m'bwalo mumzinda wa Lyon pa 26 Juni 2003 namwalira tsiku lomwelo, ndipo Liverpool inasunga 20 ya Diogo Jota atafa pangozi ya galimoto ku Spain mu Julayi 2025. Zonsezi n'zisoni kapena zikomo za pakhomo, ndipo palibe amene anakakamiza matimu ena kulira nawo mwa lamulo. Dziko la Argentina linayesa kupumitsa 10 ya Maradona m'timu ya dziko, koma FIFA inakana pa chikho cha dziko lonse cha mu 2002, chifukwa malamulo ankafuna kuti osewera 23 avale manambala kuyambira 1 mpaka 23. Anthu ambiri anakwiya, koma kukana kumeneko n'kumene kunapangitsa kuti Lionel Messi anyamule chikho ku Qatar mu 2022 atavala 10 yomweyo. Ndikukhulupirira kuti ndi ochepa ku Argentina amene lero angasankhe kuti jeziyo ikanakhala yopachikidwa pakhoma.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa inu mumadziwa mwambo wathu kuposa ine. Kwathu dzina lalikulu sitiliika m'manda pamodzi ndi mwini wake. Timafuna munthu woti alowe dzinalo. Mwezi wa Ogasiti tikasonkhana ku Mkaika pa Kulamba timagwadira Kalonga Gawa Undi, dzina limene analinyamula anthu ambiri mmodzi pambuyo pa mnzake, ndipo kulemera kwake kumachokera m'kulowana kumeneko. Inu nomwe munandiuza kuti munthu akalowa dzina la malume ake amayamba kuyenda mosamala, chifukwa akudziwa kuti akalakwa wanyazitsa ndi akale omwe. Nambala 11 ya dziko lathu yayenda njira yomweyo. Kalusha, amene anamwetsa zigoli zitatu pamene tinagonjetsa Italy 4-0 pa masewero a Olimpiki a mu 1988 ndipo chaka chomwecho anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa, anaipatsa dzina. Christopher Katongo anaivala ali kaputeni pamene tinatenga chikho cha Africa mu 2012. Barbra Banda anaivala ku Copper Queens, timu ya dziko ya akazi, iye amene anamwetsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana pa Olimpiki ya ku Tokyo. Tikanaitsekera m'kabati Kalusha atasiya kusewera, tikanamana awiriwa cholowa, ndipo tikanamana Kalusha olowa dzina lake.

Ndimaziona ndi maso anga Loweruka lililonse pamene ndikuphunzitsa ana mpira kuno ku Matero. Ndikatsegula thumba la majezi, anyamata ndi atsikana omwe amalimbirana 11, ndipo amene waipeza ndimamufunsa kuti anene anthu amene anaivala iye asanabadwe. Mwana wa zaka khumi amene sanaonepo Kalusha akusewera amadziwa dzina lake chifukwa cha nsalu imene ili kumsana kwake. Jeziyo ikanakhala kuti kulibe, funso limenelo sindikanakhala ndi poliyambira.

Ndikudziwa kuti mtima wanu ukupita ku Gabon, chifukwa wanganso umapita komweko. Ngati pali anthu amene matimu onse a m'Zambia ali nawo ngongole imodzi, ndi amene anafa usiku wa pa 27 Epulo 1993, ndege itagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville pa ulendo wokasewera ndi Senegal. Anthu 30 anatha, mwa iwo osewera 18, monga Efford Chabala, Wisdom Chansa, Derby Makinka ndi Kelvin Mutale, pamodzi ndi aphunzitsi awo Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Anali ochokera m'matimu osiyanasiyana, ndipo maliro ake anali a dziko lonse. Komabe ngakhale pamenepa nambala siingakwanire. Tingasankhe ya yani, n'kusiya ya yani? Tikapumitsa onse 18, timu idzavala chiyani? Chimene chinatonthoza dziko n'chakuti ena anatola majezi omwewo nawavala, nafika mu ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Tunisia mu 1994, chaka chimodzi chisanakwane bwino chichitikireni ngoziyo, ndipo pa 12 Febuluwale 2012 ena anakatenga chikhocho mumzinda womwewo wa Libreville, Stoppila Sunzu atamwetsa penate yomaliza pogonjetsa Ivory Coast 8-7.

Pa zimene munaona pa TV zija, chimene ndingakonde kuti titengere ndi tsiku lovala lija. Chimene chinakuchititsani inu kufunsa ku Katete ndi kuona anthu onse atavala 42, chifukwa nambala yosowa m'bwalo palibe amene amaiona. Ndikanakhala ndi mpata wolankhula ndi akuluakulu a FAZ, ndikanapempha kuti sabata yomaliza ya Epulo chaka chilichonse, m'mabwalo onse a Super League, osewera azilowa atavala majezi olembedwa mayina a anthu 30 aja, mayinawo aziwerengedwa limodzilimodzi mpira usanayambe, ndipo gawo la ndalama za pakhomo za tsikulo lizipita kwa mabanja awo ndi kwa osewera akale amene akudwala. Ponena za Kalusha, ndingakonde kuti kaputeni kapena wosewera aliyense wopatsidwa 11 m'timu ya dziko aziilandira kuchokera m'manja mwa amene anaivala kale, pamaso pa anthu, monga timachitira polowetsa dzina. Chitalu ali ndi bwalo lotchedwa dzina lake ku Kabwe, ndipo njira imeneyonso ndi yotseguka.

Mukabwera ku Lusaka mu Epulo, amalume, ndidzakutengani tipite ku Heroes' Acre, pafupi ndi Independence Stadium ndi National Heroes Stadium, kumene anagona anthu aja. Ndikufuna tikapite Loweruka pamodzi ndi ana ndimaphunzitsawa, kuti inu amene munaona Chitalu akusewera ku Kabwe mukawafotokozere nokha mmene ankamenyera mpira.